Maluwa Oyamba a Manachesi

Kumapiri a ku Neno kunali munthu wina, mmisiri wokhoma zidebe. M'mawa wina, mitambo ya mvula yobzalira itayamba kusonkhana, anakhala pakhonde akupinda mlomo wa ndowa pa chitsulo chake cha njanji. Mkazi wake, Nachisale, anali kuseri kwa khitchini, atagwada pakati pa mbande za manachesi zimene anamezanitsa yekha pa timitengo ta mandimu. Mbandezo zinali m'machubu, pansi pa kachisakasa ka udzu, ndipo zinali zitafika m'maondo.

"Bambo a Donata," anaitana mayiyo, "maenje aja mukumba liti? Mizu yayamba kuboola machubu."

"Ndikumba."

"Mwakhala mukukumba ndi pakamwa kuyambira nthawi yokolola."

"Ndowa iyi mwini wake akubwera masana. Mitengo yanuyo siithawa."

"Mitengo siithawa, ithawe ndi mvula." Mayiyo anaimirira, napukuta manja pa chitenje, nanyamula chidebe. "Ichinso chikudontha. Mkazi wa mmisiri kumatunga madzi ndi sefa, anthu kumtsinje amandiseka."

"Chisiyeni pompo, ndichiona."

"Muchiona mukatha kukumba maenje." Anaseka, natsikira kumtsinje ndi chidebe chodonthacho.

Munthu uja sanatukule mutu. Kusekako anakumva, koma anapitiriza kukhoma. Dzuwa lisanafike pamutu, amayi amene ankachapa kumtsinje anabwera akuthamanga. Nachisale anali atagwa powerama kuti atunge. Anamunyamula pa machira, ndipo anatsirizika asanafike kuchipatala.

Tsono munthu ameneyu anali mkamwini. Kwawo kunali kuchigwa, kumene kumatentha, ndipo anakwera mapiri ali mnyamata kudzakwatira. Anakhala pamudzi wa mkazi wake mpaka imvi zinamera. Nyumba anamanga, munda analima, pakagwa zovuta ankathamanga nawo ngati wobadwira pomwepo, koma sanaiwalepo kuti dothi limenelo si lake. Pobwera, amalume ake anamutsina khutu kuti, "Kumene ukupitako uzibzala zimene ungadye chaka chomwecho. Mtengo usabzale. Udzausiya." Mawuwo anawasunga. Zake zenizeni zinali nyundo, sizasi yodulira malata ndi chitsulo cha njanji chija, ndipo zonsezo zinkakwana pa kaliyala wa njinga.

Ntchito yakenso inamuphunzitsa chimodzimodzi. Ndowa ankaiyamba m'mawa, madzulo ili pamutu pa mwini wake. Kwa iye nthawi inali ngati lata: umadulapo pamene ukufuna lero, chotsala n'kutsamiritsa kukhoma, mawa uchipeza pomwepo. Nachisale sankaiona choncho. Iye ankafesa njere za mandimu, n'kudikira mpaka timitengo tinenepe ngati pensulo, n'kumezanitsa, n'kudikiranso. Akanena kuti "posachedwa", ankatanthauza zaka. Mwamuna wake ankaseka nazo, ndipo awiriwo ankakhala bwino, aliyense ndi nthawi yake.

Pa tsiku lometa maliro, mlongo wake wa malemuyo anaimirira. Anali wamkulu kwa Nachisale, ndiye anali mwinimbumba, woyang'anira azilongo ake, ana awo ndi minda yawo. Sanali munthu woipa. Pakhomo pake pankadya ana amasiye ambiri, ndipo chaka ndi chaka nkhokwe yake inkatha chimanga cha m'munda chisanakhwime. Munthu wotere nthawi amaiyeza ndi nkhokwe. Imayamba pokolola, imatha tsiku limene dzanja lagunda pansi. Zakutsogolo kwa pamenepo ankaziona ngati nkhani za anthu okhuta.

"Alamu," anatero, "sitikukuthamangitsani ayi. Khalani m'nyumba yanu chaka chino. Chilimwe chikubwerachi tikamanga chiliza pa manda a mlongo wanga, tidzakusudzulani mwaulemu, mubwerere kwanu muli mfulu."

Umenewo ndiwo mwambo wake, ndipo munthu uja anawomba m'manja.

Koma masiku anasiya kuyenda. Ankadzuka, n'kukhala pakhonde, dzuwa n'kuima pamalo amodzi. Ndowa ija mwini wake anadzaitenga yosamaliza. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Donata, amene anakwatiwa pamudzi pomwepo ndipo anali ndi khanda kumbuyo, ankabweretsa chakudya, n'kudzatenga mbale zikadali zovundikira. Mvula inagwa, anthu anabzala, chimanga chinamera, anayamba kupalira. Iye zonsezo ankaziona ngati zikuchitika kutsidya la mtsinje.

M'mawa wina anazungulira kuseri kwa khitchini kukafuna chikuni, ndipo anapeza mbande zija. Masamba anali atayamba chikasu. Anayesa kunyamula imodzi, inakana. Mizu inali itaboola pansi ndi kugwira dothi. Anaima pamenepo nthawi yaitali. Kwa iye dzuwa linali litaima, koma mbandezo sizinamve nkhani imeneyo. Anatenga khasu, napita ku munda wa pamwamba pa mtsinje, umene Nachisale anausankhira mitengoyo, nayamba kukumba.

Mlamu wake anamupeza ali m'dzenje mpaka m'maondo.

"Alamu, mukukumba chiyani m'munda wa mlongo wanga?"

"Maenje."

"Ndikuona kuti si zitsime. Munda uwu ndaukonzera mbatatesi. Mvula isanathe, matumba adzakhala ali pamsewu, ana adzadya. Inu mukufuna kuikamo timitengo timene tidzayamba kubala ine nditatha mano?"

Munthu uja anapitiriza kutulutsa dothi.

"Ndiponso," anatero mlamuyo, mawu atatsika, "mkamwini akayamba kubzala mitengo, timadziwa chimene akufuna."

"Munda wanu sindikuufuna. Tsiku londisudzula ndidzamanga zanga pa njinga."

"Ndiye mukubzalira yani?"

"Anandiuza kuti ndikumbe."

Mlamuyo anayang'ana mbande zimene zinandandalikidwa m'mphepete mwa munda, iliyonse ili ndi kachipsera pamene mpeni wa mlongo wake unadutsa, ndipo dzanja lake linalemera kuti azitaye. Koma munda anali kuufunanso. Madzulo ake anaitana akuluakulu a mbumba, nanena pamaso pawo kuti, "Mitengo ya alamuwa ikhale mpaka tsiku la chiliza. Ikadzaonetsa kuti ibala, idzakhala. Ikadzapanda, ndidzazula ndekha, mbatatesi zilowe." Ankaganiza kuti timitengo tating'ono chotero sitingaonetse kanthu m'chaka chimodzi. Mkamwini uja anavomera. Za mitengo sankadziwa zambiri, ndipo chaka chinkaoneka kwa iye ngati chinthu chosatha.

Atabzala yonse, anatenga chidebe chodontha chija, chimene amayi ochapa aja anachitola kumtsinje tsiku la tsoka, nachimata. Inali ntchito yochepa kwambiri, moti atamaliza anakhala pansi mpaka mithunzi inatalika.

Mvula itatha, ntchito inayamba. Mbuzi zikamasulidwa pambuyo pokolola zimadya chilichonse chobiriwira, ndiye anadula minga, natchingira mtengo uliwonse paokha. Chiswe chinabwera, iye anathira phulusa. M'munsi mwa chipsera cha kumezanitsa munkatuluka mphukira za mandimu, zonenepa, zothamanga kukula kuposa nachesi lenilenilo, ndipo Donata anamuonetsa kuti zimenezo amazibudula, chifukwa zikasiyidwa mtengo wonse umabwerera ku ndimu. Chilimwe chitafika anadula lata, nakhoma makheni awiri othirira, ndipo m'mawa uliwonse ankatsika ndi kukwera chitunda cha kumtsinje mpaka mapewa anachita zikanga.

Pamsika anzake ankamuseka. "Awo akubwera alangizi a zaulimi! Alangizi, mbaula yanga ija ipsa liti, kapena nayonso mwaimezanitsa?" Iye ankangogwedeza mutu.

Poyamba ankayang'ana mitengoyo tsiku ndi tsiku ngati mmene ankayang'anira ndowa, kufuna kuona pamene ntchito yafika. Sankaona kanthu. Dzulo ndi lero zinali chimodzimodzi, ndipo mtima unkamuwawa. Kenaka anatopa nako kuyeza, nangopitiriza kuthirira. Tsiku lina powerama anamva tsamba likumukhudza pachifuwa, pamene kale nsonga inkathera m'chiuno. Sanauze munthu. Koma kuyambira pamenepo anayamba kudya chakudya cha Donata, ndipo masiku anayambanso kuyenda, osathamanga, osaimanso, monga mmene amayendera kwa mtengo.

Chiliza chinamangidwa nthawi ya dzuwa lowotcha, pamene mapiri amakhala akuda ndi lupsa. Tsiku lochionetsa kwa anthu litayandikira, munthu uja anakwera chitunda ndi makheni ake m'mawa wina, ndipo fungo linamulandira asanafike. Mitengo inali itachita maluwa. Inali yoonda, thunthu lake losaposa chala chachikulu, koma nthambi zinali mbuu, njuchi zili ng'waa.

Donata ataona analira ndi chimwemwe. Mlamu uja anabwera, nazungulira munda wonse manja ali kumbuyo, akununkhiza ngati mwana.

"Alamu, ine ndinakunyozani," anatero. "Mawu anga sindibweza: yaonetsa, ikhala. Ndiponso za kusudzula zija zidikire. Mitengo ikufuna mwini wozolowera. Khalani mpaka zipatso zipse. Mavenda a ku Blantyre amagula mtengo wonse zipatso zikadali zaziwisi, ndipo ndamuuza kale mmodzi. Chaka chino nkhokwe ikatha tidzakhala ndi pogwira."

Munthu uja anathokoza. Koma anali atakumbukira kanthu.

Kuseri kwa nyumba yake kunali mitengo iwiri ya manachesi imene Nachisale anabzala Donata akuyamwa. Pamene inachita maluwa koyamba, iye anapeza mkazi wake akuithothola maluwa onse, ndipo anamukalipira kuti akutaya chakudya. Mayiyo sanakangane naye. Anangomutengera ku munda wa mnansi wina amene anasiya mitengo yake kuti ibale ikadali yanthete. Inali yaifupi, yopindika, nthambi zina zouma, yokalamba isanakule. "Mtengo wakhanda ukasenza zipatso umaiwala mizu," anatero. "Umabala kamodzi, kawiri, basi watopa." Yake anaithothola chaka chimenecho ndi chotsatira chake. Tsopano mitengo iwiriyo inali itapitirira denga, ndipo nthawi ya zipatso ankachita kuichirikiza ndi mphanda. Ya mnansi uja inapita kale pamoto.

Anabwerera kumunda yekha, nagwada, nafukula pang'ono patsinde pa mtengo umodzi. Mizu inali yanthete, yosafika patali. Anakwiriranso.

Madzulo anauza Donata. Mwanayo anagwedeza khanda, kenaka anati, "Ababa, siyani maluwawo."

"Amayi ako akanawasiya?"

"Amayi kulibe. Ndatsala ndi inu. Mukathothola, amalume azula mitengo, inunso akusudzulani, ine nditsala wopanda mitengo, wopanda bambo. Mukasiya, mukhala nafe mpaka nyengo yozizira. Mwana uyu adzakhala akuyenda. Mudzalawako nachesi la amayi ndi pakamwa panu. Kodi zimenezo n'zochepa?"

"Si zochepa, mwana wanga."

Ndipo sizinali zochepa. Anaganiza za khonde lake, za njira ya kumanda imene mapazi ake anaizolowera, za chigwa chimene anachisiya ali mnyamata, kumene tsopano ana akamuona adzafunsa kuti agogowa ndi a kwa yani. Miyezi imene mlamu wake ankamupatsa inali yotsekemera, ndipo inali pafupi, yoti n'kuigwira ndi dzanja. Zaka za mitengoyo zinali kutali, ndipo m'zaka zimenezo iye munalibemo.

M'mawa mwake anapita kwa mlamu wake, nafotokoza zonse mwaulemu. Anapempha kuti mitengo ipatsidwe mvula ziwiri isanasenze kanthu.

Mlamuyo anaseka mopanda chimwemwe. "Ndinadziwa ine. Chaka chino tidikire, chaka chamawa tidikire, ndipo podikira ponsepo alamu ali m'nyumba, alamu ali m'munda. Mwachenjera. Mtengo wafuna wokha kubala, inu ndinu ndani kuti muuletse? Ana anga sadya mizu. Mawu ndinanena pamaso pa anthu: zipatso, apo ayi khasu."

"Ndamva, alamu."

Tsiku la chiliza linafika. Kuchokera kuchigwa kunabwera mng'ono wake wa mkamwiniyo, amene anali nkhoswe yake. Anthu anapita kumanda, anaimba, abusa anapemphera, nsalu inachotsedwa, dzina la Nachisale linaoneka pa simenti. Munthu uja anaima pambali, chipewa chili m'manja. Pobwerera, pamene anthu ankasamba m'manja kuti adye, iye sanaoneke.

Atatha kudya, mlamu uja anaimirira, nalengeza kuti mwambo wa kusudzula wayamba waima, chifukwa Mulungu wachita zodabwitsa m'munda wa malemu. "Tiyeni mukaone ndi maso anu," anatero, natsogola, alendo ali pambuyo.

Fungo linawalandira monga kale, koma nthambi zinali zobiriwira zokhazokha. Maluwa onse anali pansi, mbuu, mzere ndi mzere. Kumapeto kwa munda mkamwini uja anali atawerama pa mtengo wotsiriza, jekete la kumanda likadali m'thupi, akuthothola ndi zala ziwiri, mosamala kuti asathyole nsonga.

"Alamu!"

Sanatembenuke.

"Alamu, mwapenga? Chotsani dzanja pamenepo!"

"Achimwene, mukutichititsa manyazi pamudzi pa eni," anatero mng'ono wake uja. "Tasiyani, tikambirane."

Munthu uja anathothola duwa lina, ndi lina, mpaka mtengowo unatha. Kenaka anawongoka, napukuta zala pa jekete, nayang'ana mlamu wake m'maso, chinthu chimene sanachitepo chibwerere pamudzipo.

"Munati ndikufuna kugula nthawi," anatero. "Sindikugula. Ndisudzuleni lero lomwe, nkhoswe yanga ndi iyi. Mitengoyi ndi yanu, munda ndi wanu, khasu ndi lanu. Mukafuna kuzula, zulani, muiphe lero, anthu akuona. Koma kuti ine ndiilemaze pang'onopang'ono kuti ndikhaleko miyezi ingapo pakhonde, ayi. Amene anaimezanitsa sanaimezanitsire chaka chimodzi."

Donata anali atatembenukira kumbali, chitenje chili kukamwa.

Mlamuyo anayang'ana uku ndi uku, naona khasu limene linali patsinde pa mpanda wa minga, nalitenga. Anakankha minga ya mtengo woyandikira ndi phazi, natema kawiri, nakoka. Mtengowo sunalimbe. Unatuluka wonse m'dzanja lake, mizu yake ili lendelende, yochepa ngati phazi la nkhuku. Anauyang'ana. Anayang'ana thunthu loondalo, ndi kachipsera ka mpeni kaja. Anthu ankadikira kuti apite pa wachiwiri.

"Dothi lauma," anatero, mawu ali okalipa. "Lindithyolera khasu. Yotsalayo ndidzazula mvula ikagwa."

Anaponya khasu pansi, nabwerera kumudzi, mtengo uja uli m'dzanja.

Mwambo unachitika masana omwewo. Anayala mphasa, ankhoswe a mbali zonse ananena mawu ake, ndipo munthu uja anamasulidwa. Palibe amene anaseka kapena kululutira. Anamanga nyundo, sizasi ndi chitsulo cha njanji pa kaliyala. Makheni anawasiya pakhomo pa Donata. Anagwira khanda lija pamutu, nauza mayi wake kuti, "Chaka chamawa idzachitanso maluwa. Ngati idzakhalepo, udzathothole. Chaka chinacho udzaisiye." Anatsika phiri akukankha njinga, mng'ono wake ali patsogolo.

Kuchigwa anakhala zaka zochepa, akukhoma ndowa pansi pa mtengo wa bwemba, ndipo anamwalirira komweko. Nachesi la mitengo imeneyo sanalilawe.

Inu amene mwakhala pano kundimvera, palibe mmodzi wa inu amene alibe womuyezera nthawi. Njala imakuuzani kuti dziko limathera pamene nkhokwe yathera, ndipo njala siinama kwenikweni, ana amafunadi kudya. Ena anakuuzani kale kuti ndinu odutsa, musayambe chimene simudzaona mapeto ake. Chisoni nacho, ife amene tinaika athu m'manda tikudziwa, chimalumbira kuti dzuwa laima. Musavomere msanga. Mukapatsidwa kanthu kanthete kuti mukalere, kaya ndi mwana, kaya ndi ntchito, musafunse kuti inu mwatsala ndi nthawi yotani. Funsani kuti ikoko kakufuna yotani. Ndipo akadzakuuzani kuti kabale lero kuti inu mukhale, mudzakane, ngakhale kukanako kudzakutsitseni phiri.

Mvula inagwa chaka chimene mkamwini uja anatsika phiri, dothi linafewa, ndipo mbatatesi zinabzalidwa m'munda wina. Dzuwa lowotcha litabweranso, mitengo inachita maluwa kachiwiri. Donata analawirira m'mawa kuti akathothole. Anapeza mzere woyamba uli kale mbuu pansi, ndipo pa mzere wachiwiri panali amalume ake, atawerama.